Futali wa Lughano

Dzuwa linali litafika paliwombo, koma chinangwa chokazinga cha Lughano chinali chikhalire m'beseni, chitazizira mpaka kuuma gwa. Ntchentche zokha ndizo zinkabwera kudzaona malonda, ndipo ntchentche sizigula.

Zoterezi zinali zisanamuchitikirepo. Lughano adabwera ku Liwaladzi kuchokera ku Karonga bambo ake atawasamutsira pasukulu ya pulayimale ya kumeneko. Podikira malo ku koleji, adayamba geni ndi kachiwaya kobwereka, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko. Asodzi akangokocheza maboti ankathamangira kwa iye asanayanike n'komwe maukonde. Adaonjeza tiyi, adaonjeza mbatata, ndipo posachedwapa adagula sefuliya yatsopano, yaikulu yoti mwana n'kusambiramo. Mtsikanayo ankayenda mapewa ali m'mwamba, ndipo kunena zoona zinkamuyenera.

Tsiku logula sefuliyalo, Sumaiya, mnzake woyandikana naye nyumba, adamuchenjeza. "Ukadayamba wadikira, mnzanga. Ramazani yayandikira."

"Ndiye zikundikhudza bwanji? Ine si Msilamu," adayankha Lughano. Mumtima adangoti imeneyo ndi nsanje.

Tsopano adaona a Kalilu, mwini maboti awiri amenenso ankagula kwambiri, akubwera ndi anyamata awo. Adakoleza moto msangamsanga kuti fungo la mafuta liwakoke.

"Zotentha, zotentha! A Kalilu, lero mukundipitirira?"

A Kalilu adatembenuzira nkhope kumbali. "Mwana iwe, utichimwitsa. Ife tikusala, sitilawa kanthu mpaka dzuwa litalowa. Mwezi wathunthu."

Lughano adawayang'ana akupitirira. Za Ramazani adaphunzira kusukulu, ndipo mayeso ake adakhoza. Mtengo wa mafuta ankaudziwa, wa chinangwa ankaudziwanso. Chimene sadachiganizirepo n'chakuti anthu amene ankawadyetsa tsiku ndi tsiku anali Asilamu pafupifupi onse.

Kunyumba bambo ake adayang'ana beseni lodzazalo n'kupukusa mutu. "Mwezi wathunthu uzikazingira ntchentche? Gulitsa sefuliyayo isanade, upite kwa azakhali ako ku Karonga ukadikirire za kolejizo kumeneko. Geniyi yatha."

Mawuwo adamuwawa koopsa. Geniyo adaiyamba yekha, ndi manja ake, ndipo sankafuna kuti ifere m'manja momwemo. Koma njira yoipulumutsira sankaiona. Munthu mmodzi yekha ndiye adaona vutoli lisanafike, ndipo munthuyo n'kuti iye atamunyoza.

Mawa lake masana adameza manyazi n'kupita kwa Sumaiya. Adampeza akusinja mtedza, amayi ake, mayi Zainab, ali kukhitchini.

"Taonani, amayi, kwabwera abwana a kampani!" adatero Sumaiya akuseka.

"Seka, ndi nthawi yako," adatero Lughano. "Unandiuza, ine n'kumati ukundichitira nsanje. Pepa."

Sumaiya asanayankhe, mayi Zainab adaitana. "Kodi ndi Lughano? Bwera kuno iwe wosasala, undilawire futaliyu. Dzulo abambo ake Sumaiya anadandaula kuti mchere ndinangouonetsa. Nanga ndilawa bwanji ndili pa swaumu, ndikusala?"

Lughano adalawa mbatata yophika ndi nsinjiroyo, ndipo adatsinzina ndi kukoma. "Muonjezere pang'ono, amayi. Kodi ameneyu ndiye mumadya dzuwa likalowa?"

"Nyumba iliyonse. Kumasula swaumu popanda futali ndiye kuti sunamasule."

Lughano adaika supuni pansi. Adakumbukira zisakasa za kudoko, mmene munkagona asodzi ochokera kutali, osiya mabanja awo kwawo.

"Nanga anyamata a m'zisakasa aja amawaphikira ndani?"

"Palibe," adatero Sumaiya. "Amamasula ndi madzi ndi nzimbe basi."

Atsikana awiriwo adayang'anana. Mayi Zainab adazindikira msanga kuti awiriwo akuganiza zokagulitsa futali kudoko.

"Sefuliya yako ija idaphikapo chiyani?" adafunsa. "Anthu athu safuna chakudya cha mumphika umene sakuudziwa."

"Sinakhalepo pamoto, amayi."

"Ndiye uibweretse kuno. Iphikire pakhomo panga pano, aliyense aziona. Ine ndikuphunzitsa, Sumaiya azisinja, iwe uzilawa. Koma phindu muzigawana, osati kumugwiritsa ntchito ya thangata mwana wangayu."

Tsiku loyamba sizidayende bwino. Lughano, pozolowera moto wa chiwaya, adasonkhezera kwambiri, futali n'kupserera pansi. A Kalilu adagula ndithu, koma mawa lake adamuuza kuti anyamata awo amafunsa ngati anali futali kapena makala. Lughano sadakwiye ayi. Adachepetsa moto, adaphunzira kuthira nsinjiro mbatata itafewa, ndipo adasiyiratu kukazinga masana pamaso pa anthu osala. Sefuliya ankafika nayo kudoko ili yovundikira bwino, dzuwa litapendeka, aliyense n'kutengera m'mbale yake kukadikira nthawi.

Mbiri idayenda. Asodzi adauza osoka maukonde, osoka maukonde adauza akabaza a kumsewu. Ngakhale amayi ena otopa ndi ntchito ya kumunda wa mpunga adayamba kutuma ana ndi mbale. Pofika pakati pa mwezi, atsikanawo ankaphika kawiri, wa mbatata ndi wa chinangwa, ndipo Maness, mtsikana wina wa m'mudzimo, adamulemba ganyu yosenda.

Bambo ake a Lughano sadanenepo kanthu masiku onsewo. Za ku Karonga sadazitchulenso, koma sadanenenso kuti zatha. Ndiye tsiku lina Lughano akupala pansi pa sefuliya, adaona munthu womaliza pamzere atavala malaya oyera ndi tayi, choko chili mbuu m'manja, atanyamula mbale ya kunyumba kwawo.

"Aphunzitsi anzanga akuti kuno kuli futali wabwino," adatero bambowo, akuyang'ana kumbali.

"Watha, ababa. Mwachedwa."

"Watha? Sefuliya yonseyi?"

"Yachiwiri imeneyi."

A Kalilu, amene adaima chapafupi, adaseka mpaka kugwira m'mimba. "Aphunzitsi, kuno kulibe za udindo. Mawa mudzalawirire ngati ife."

Bambowo adasuzumira m'sefuliya yopanda kanthuyo, kenaka adayang'ana mwana wawo. "Chabwino. Nanga Ramazani ikatha, udzatani? Anthu adzabwerera ku zakudya zawo."

"Ndafunsa kale," adatero Lughano. "Ikatha, chiwaya chibwerera pamoto. Kenaka kukubwera mphepo ya mwera, maboti sadzalowa panyanja masiku ambiri. A Kalilu akuti nthawi imeneyo asodzi amaswera kumitengo uko akusoka maukonde, kukuzizira. Ine ndi Sumaiya tizidzawapititsira tiyi ndi mbatata komweko."

Bambowo adapanira mbale yawo yopanda kanthu m'khwapa n'kuyamba ulendo wobwerera. Koma sadapite patali. Atakumana ndi wakabaza wina amene ankadutsa ndi futali wake, adamuimitsa ngati pali nkhani yaikulu.

"Achimwene, mwagula kwa mtsikana uyo?" adafunsa mokweza, mpaka Lughano adamva. "Ndi mwana wanga ameneyo."