Nkhope Zoyera pa Zitseko

Dzuwa likulowa, Meng Qiaoyun ankatsuka maburashi ake pachitsime pamene anamva fungo la utoto wauwisi. Anadabwa, pakuti m'mudzi monsemo wopaka utoto anali iye yekha. Chimwalirireni mwamuna wake, ndiye ankajambula nkhope za milungu pa zipande zamtengo zimene banja lililonse linkapachika pachitseko kuti zoipa zisalowe. Zofiira zinali za okhulupirika, zakuda za olungama. Yoyera, nkhope ya wachinyengo, sankaijambulira munthu.

M'mawa chipande cha kwa Dou wogaya tirigu chinapezeka chitayera mbee, utoto ukuchucha. Pofika madzulo Dou anali atauma gwa pambali pa mphero, maso ali tong'o. Kenako chinayera cha kwa mzamba, nayenso anatsatira. Anthu ankati kachisisira kumamveka kukwecha pazitseko, ngati kwa burashi youma, agalu ali zii.

Mphekesera zinathamangira kwa Qiaoyun. Amayi omwewo amene iye anawajambulira zipande za maukwati awo ankanong'ona kuti dzanja la wamasiye siliyenera kukhudza nkhope za milungu. Mlamu wake Deshun, wotsogolera magule a Chaka Chatsopano, ndiye anabwera ndi khamu.

"Alamu, utoto woyera mumabisa kuti?"

"Ndilibe. Fufuzani."

Sanaupeze, komabe anazula zipande zonse m'zitseko n'kuzitentha pakhomo pake. Qiaoyun anaonerera ntchito ya manja ake ikusanduka phulusa, osagwetsa msozi. Anthuwo anamupirikitsira kuphiri, kumene anakakhala m'nyumba yokumba imene oweta mbuzi anaisiya.

Kukwecha sikunaleke. Popeza zipande panalibenso, tsopano zinkayera nkhope za anthu enieniwo, ndipo woyera nkhope sankaliona dzuwa lotsatira.

Tirigu atacha, Deshun anakwera phiri atasenza zipande zatsopano zosapaka. Anagwada, n'kunena kuti mudzi wonse ukupepesa, awajambulire ngakhale chimodzi chokha. Qiaoyun anamva fungo la utoto asanakweze maso. Kuyambira kukhutu mpaka kuchibwano, tsaya la mlamu wake linali litayamba kuyera.

"Alamu, mukundiyang'ana chonchi bwanji? Pali chiyani?"

"Palibe," anatero Qiaoyun. "Tsikani kusanade. Dzanja langa ndi la wamasiye, munanena nokha."

Analowa m'nyumba n'kukhoma chitseko.