Thobwa la pa Maliro a Goodman

Belita ankapeta nandolo pakhonde madzulo pomwe wakabaza anatsitsa mayi wina wowonda pabwalo. Anachita kumuzindikira ndi mawu. Anali mkulu wake Anastazia, yemwe zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anapita ku Joni ali chidunthu chonenepa, wodwala shuga ngati mayi awo malemu.

"Achemwali, mwadwala chiyani?"

"Ndachira, Belita. Anandichita opaleshoni yochepetsa chifu. Shuga uja anatsika, jakisoni ndinasiya."

Kwa Mkhumba munthu sachira n'kuwonda. Sabata isanathe, amayi a kumjigo anali atawerenga kale timabala tisanu ta pamimba pake, ati ndi mphini zimenezo. Ankadziwanso kuti akadya timasipuni titatu amakankha mbale. Nanga munthu wamkulu wosadya kwawo amakhuta kuti?

Kenako mchimwene wawo Goodman anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe. Pomwe wataya madzi kuseri kwa bafa, nyerere zinkachita kuunjikana bii. M'nyumba mwake munkamveka kafungo ka zipatso zowola, chikhalirecho munalibe chipatso. Anastazia anamuchonderera kuti apite kuchipatala, iye anamutsekera chitseko. Lachinayi masana anagona osadzukanso.

Maliro ataikidwa, malume awo a Lekani anakhazika abale pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe Anastazia, matenda ako aja unawasiya kuti?"

"Sindinawasiye pena paliponse, amalume. Adokotala anati zomwe tinatengera kwa makolo zili m'thupi monsemu ngati nyale, zina zoyaka, zina zozima. Chifu chikachepa, thupi limasintha kayatsidwe kake. Zokolezera mafuta ndi shuga zimazilala, koma sizichoka. Tonse a m'banja lino tikayezetse."

"Ndiye kuti wazimitsa za makolo. Kwa iwe zazima, kwa Goodman zayaka."

Anthu anang'ung'udza. A Lekani anaitanitsa ndowa ya thobwa lothira shuga wambiri, n'kuwazamo kaufa komwe anakatenga kwa sing'anga wa ku Fort Lister. Anati aliyense amwe kapu yodzaza osapumira, amene wadya Goodman adzionetsa yekha.

Anastazia anayang'ana mng'ono wake. Belita ankadziwa. Anali atauzidwa tsiku loyamba lomwe kuti chifu chodulidwa sichilandira zotsekemera zambiri nthawi imodzi, munthu amatha kukomoka. Mawu ake awiri akanakwanira kupulumutsa mkulu wake. Koma masiku amenewo nayenso ankadzuka kukhosi kuli gwa, mapazi atachita dzanzi, ndipo mumtima ankalakalaka kuti ukhale ufiti ndithu, chifukwa mfiti mumathamangitsa, magazi simungathamangitse. Anaweramitsa mutu. Zimawawa kunena, koma mantha anamudyetsa mbale wake.

Kapu inazungulira. Onse anamwa n'kupukuta pakamwa. Anastazia akanakana, anthu akanati wavomera mlandu, choncho anamwa mpaka kugwedeza kapu.

Panadutsa kanthawi. Kenako thukuta linayamba kuyenderera pachipumi pa Anastazia. Manja ananjenjemera, m'mimba munalira mpaka akumbuyo anamva. Anayesa kuimirira, maondo anakana, anagwa chafufumimba pafumbi.

"Wagwidwa," ananong'ona mayi wina.

Atatsitsimuka anapeza chikwama chake chili kumsewu. Kamakina koyezera shuga komwe anagulira abale ake anali atakaphwanya ndi mwala, ati ndi nyanga. Anthu onyamula miyala anamuperekeza mpaka pamlatho, ndipo sanaonekenso kwa Mkhumba.

Mudzi unapuma miyezi inayi. Kenako chala cha kuphazi cha Belita chinada, bala linakwera mwendo, mvula yoyamba inamupeza ali m'manda. Pa maliro ake a Lekani anaitanitsanso ndowa. Abale anamwa mwakachetechete, aliyense akuyang'ana chipumi cha mnzake kuti aone amene ayambe kutuluka thukuta.