Munkoyo wa Kuseri kwa Chulu

Mtembo wa Mordecai Shamboko unapezeka Lachitatu m'mawa, m'kanjira kochoka ku akasupe otentha a Chinyunyu kupita kumsewu waukulu. Anagona chafufumimba, thovu litaumira kukamwa. Bala panalibe.

Sajeni Justina Mwanza anagwada kuti aone bwino, ndipo podzuka m'maso munachita mdima. Chimuuzireni adokotala kuti shuga wakwera, mwana wake wa ku Lusaka anamuika pa kadyedwe kotchedwa paliyo: nyama, nsomba, mazira, masamba ndi zipatso basi. Nsima ayi, buledi ayi. Mayi wa ana anayi kumanidwa ngakhale nsinjiro, ngati wapalamula.

"Ni mankhwala a m'dimba aya," anatero Insipekita Kingsford, bwana wake. "Mudzi wonse udziwa kuti munthuyu sanali kudya kwa wina aliyense. Naye anali pa dayeti yanu ija, ba Sajeni. Womuphikira ni mmodzi chabe."

Pofika masana Edness, mkazi wa malemuyo, anali m'chipinda chofunsira mafunso, khanda lili pabere.

"Dzulo munawaphikira chani?" Justina anafunsa.

"Mazira na chibwabwa."

"Munalawako?"

"Nilawa mchere masiku onse, amai. Si ine nili moyo apa?"

"Munakangana?"

"Ni banja liti losakangana?"

M'nyumba mwake munapezeka botolo la mankhwala a tomato, monga m'nyumba iliyonse ya mwini dimba. Kwa Kingsford zinakwana. Mawa m'mawa Edness akwera galimoto yopita kundende ku Lusaka, khandalo litsala ndi achibale.

Justina anazungulira kwa oyandikana nawo. Onse anayimba nyimbo imodzi: Mordecai anali wolimba mtima, sankadandaula njala, mpaka kutchalitchi ankadzudzula anzake okonda tiyi wa shuga. Apa m'pamene Justina anakayika. Iye mwini, dzuwa likapendeka mutu unkangoti waa, ndipo ankapezeka ataima pafupi ndi wokazinga zitumbuwa, kumangonunkhiza ngati galu. Njala yotereyi munthu amaidandaula. Wosadandaula ali ndi pobisalira.

Dzuwa litapendeka anabwerera m'kanjira kaja, nadzifunsa kuti akadakhala Mordecai akadabisala pati. Anapatuka n'kuzungulira chulu chachikulu. Kuseri kwake udzu unali utagona chifukwa chokhalidwa kawirikawiri, ndipo pansi panali botolo la munkoyo, chakumwa chotsekemera cha ufa wa chimanga, lomwedwa theka. M'khosi mwake munali mphira wa njinga wokolekera mkati mwa jekete.

Botololo analitsekera m'kabati ya umboni. Mphirawo anaumanga pa botolo lina lofanana nalo, nathiramo munkoyo wabwinobwino wogula pafupi ndi polisi.

Pamsewu pa Chinyunyu ogulitsa munkoyo anali awiri, Melody ndi Beauty. Kuno munkoyo saupereka osalawa: wopereka amayamba wamwako pamaso pako, kuti umwe mtima uli m'malo. Justina anakhala pabenchi n'kuika botolo lake poyera.

"Munkoyo uyu anipatsa munthu wosadziwa mwambo. Nilawireniko."

Melody anapsontha, nakwinya nkhope. "Wamadzi uyu, ba polisi. Anakunyengani."

"Nanga imwe, ba Beauty?"

Maso a Beauty anali pa mphira uja. "Awe, m'mimba simuli bwino."

"Manje manje apa mwalawira munthu uja wa minibasi."

Beauty anatembenukira ku ndowa yake ya munkoyo.

"Basi, nimwa nekha. Nakhumba kuyambira kale."

Sikunali kunama. Fungo lokha linamudzaza malovu. Botolo lisanafike pamlomo, Beauty analimenya ndi dzanja, munkoyo n'kumwazikira pa yunifomu.

"Musamwe! Muli na ana imwe!"

Kupolisi Beauty sanavute. Mordecai ankabwera mozemba tsiku lililonse, n'kusiya botolo kuseri kwa malo ogulitsira a Beauty, kenako n'kulitenga lodzaza.

"Ninadziwa kuti amwera kobisika, ndipo sangauze munthu," anatero Beauty. "Nenze kumulawira masiku onse. Dzulo sininalawe. Sanaone n'komwe, njala inali itamugwira."

"Chifukwa chani, ba Beauty?"

"Prudence wanga ali giredi naini. Ali na mimba ya ba Mordecai. N'tamufunsa anaseka, ati ndani angakhulupirire wogulitsa munkoyo, iye mkulu wa mpingo."

"Simunabwere kuno bwanji?"

"Kuti dzina la mwana wanga limveke pamsewu ponse?"

Justina anasiya kulemba. Nayenso anali ndi mtsikana wa msinkhu womwewo. Koma m'chipinda chinacho munali mayi wina amene akadapita kundende.

"Nanga ba Edness? Munali kudzawasiya apite?"

Beauty anaweramitsa mutu. "Nenze kuganiza azakamba ati ni shuga yamupaya."

Justina anakatsegula yekha chitseko cha Edness, namufotokozera zonse mosazungulira. Edness anamvetsera akumanga khanda kumbuyo. Atamva za Prudence anangotseka maso. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Munkoyo? Masiku onse?"

"Masiku onse."

"Nkhuku zanga zonse zinathera m'mbale mwawo. Ana anga anali kupenya chabe, ine n'kumawauza kuti atate adwala, musakhumbire." Anakoka mfundo ya chitenje mwamphamvu. "Nipite, amai? Ana sanadye kuchokera m'mawa."

"Pitani," anatero Justina, namugwirira chitseko.