Tuva ndi Njere ya m'Phala

Tuva anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Oppdal, kudziko lozizira kwambiri, ndi amayi ake ndi abambo ake. Tuva ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupeza njere m'phala la Khirisimasi.

Kwathu kuno timatero chaka chilichonse. Timaphika phala la mpunga ndi mkaka. Popakula, timaponya mumphika njere imodzi ya amondi, yomwe imakhala ngati mtedza. Njereyo ndi yoyera. Phala nalonso ndi loyera. Wopeza njereyo amalandira kankhumba kotsekemera. Kankhumbako ndi ka amondi ndi shuga.

Tuva anali asanaipezepo njereyo. Chaka chatha anaipeza ndi Amalume Jarle. Chaka chinacho anaipezanso ndi Amalume Jarle. Munthu wamkulu, wandevu zake, kumalimbirana kankhumba ndi mwana! Zimenezi zinkamupsetsa mtima Tuva. Zinkamupsetsa mtima kwambiri.

Linafika tsiku loti mawa ndi Khirisimasi. Kunja kunali chipale chofewa paliponse. Amayi anawiritsa mkaka. Anathiramo mpunga. Kenako anakulunga mphika m'bulangete. Anakauika pabedi n'kuufunditsa, kuti phala lipse pang'onopang'ono.

Tuva anakhala pambali pa mphikawo. Anapinda manja pachifuwa.

"Tuva, ukutani pamenepo?" anafunsa Amayi.

"Ndikulondera."

"Ukulondera chiyani?"

"Mphika. Chaka chino palibe wondibera."

Masana Amalume Jarle anafika. Anasansa chipale pachipewa. Anavula nsapato pakhomo.

"Odi kuno!" anafuula Amalume. "Kankhumba kanga kadzuka bwanji? Kanenepa?"

Tuva anatuluka m'chipinda, nkhope ili ndwii.

"Si kanu!"

"Aa, mwana wa mlongo wanga! Moni kaye."

"Moni. Koma si kanu."

"Tiona," anatero Amalume akusisita mimba. "Ndabwera ndi njala ya anthu atatu."

Tuva anaponda pansi mwamphamvu. Anabwerera ku mphika wake.

Posakhalitsa Abambo anamuitana.

"Tuva, mbalame nazonso zidye Khirisimasi. Kamangirire mtolo wa mbewu pamtengo uja."

"Sindingausiye mphika."

"Pita, mwanawe. Mbalame zili ndi njala."

Tuva ankazikonda mbalame. Anavala jekete. Anavala nsapato. Anathamangira panja. Anamanga mtolo msangamsanga. Anathamanganso kubwerera.

Koma anachedwa. Phala linali litapakulidwa kale. Patebulo panali mbale zinayi. M'mbale iliyonse munali shuga ndi sinamoni wonunkhiritsa phala. Pakati panali batala akusungunuka. Kankhumba kanaima pafupi ndi kandulo, ndi kansalu kofiira m'khosi.

"Apakula ndani?" anafunsa Tuva.

"Ine," anayankha Amayi.

"Ine ndisanabwere?"

"Phala limazizira, Tuva. Khala pansi."

Tuva anayang'ana mbale yake. Inali yaing'ono, yachikasu. Anayang'ana mbale ya Amalume. Inali yaikulu, yobiriwira. Tuva anakwinya nkhope.

"Amalume, tisinthane mbale."

"Ayi!" anatero Amayi.

"Ayi!" anatero Abambo.

"Ayi, ayi, ayi!" anatero Amalume.

Onse atatu anakana nthawi imodzi. Tuva anadumpha pampando.

"Eya! Ndakugwirani! Njere ili m'mbale ya Amalume!"

"Tuva, idya m'mbale yako," anatero Amayi. "Chonde."

"Toto!"

Tuva anakoka mbale yaikulu. Anakankhira yaing'ono kwa Amalume. Anagwira supuni yake ngati fosholo. Anayamba kudya.

Anadya supuni imodzi. Munalibe njere. Anadya ina. Munalibe njere. Anadya, anadya, anadya. Munalibe njere.

Amalume ankadya pang'onopang'ono. Ankangotapa kumphepete. Anayang'ana Amayi. Amayi anayang'ana Abambo. Abambo anayang'ana kudenga.

Kenako kunamveka, "Kukutu!"

Onse anatembenukira kwa Amalume.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Tuva.

"Dzino langa," anatero Amalume. "Lakalamba."

"Bodza! Yasamulani!"

Amalume anatsitsa mutu. Analavulira njere pasupuni. Inali itasweka pakati.

Tuva anapsa mtima. Makutu ake anafiira psuu.

"Inali m'mbale yanga! Njere inali m'mbale yanga!"

Amalume anakankha mbaleyo ndi manyazi. Supuni inatembenuza phala. Panaoneka kanthu kena koyera. Tuva anakatola. Inali njere ina.

Tuva analanda supuni. Anavundula phala lonse. Anapeza njere inanso. Anaziika zonse patebulo. Imodzi. Ziwiri. Zitatu.

"Njere imakhala imodzi," anatero Tuva. "Aliyense amadziwa zimenezo. Izi zachokera kuti?"

Akuluakulu onse anayang'ana pansi.

"Ndati zachokera kuti?"

Abambo anakanda kumutu. "Imodzi ndaika ndine. Inali yoti ndiponye mumphika. Koma ndaibisa m'mbale yako."

Amayi anagwira pakamwa. "Inu, a Halvard! Osandiuza bwanji? Inayo ndaika ndine."

"Yachitatuyo ndi yanga," anatero Amalume. "Ndinabwera nayo m'thumba la malaya."

Koma akuluakulu nawonso! Anthu atatu, nzeru imodzi yomweyo, ndipo osauzana n'komwe. Ine ndikanakhala Tuva, ndikanakwiya chimodzimodzi.

"Ndiye mumphika simunalowe njere?" anafunsa Tuva.

"Simunalowe," anayankha Abambo.

"Ndalondera mphika m'mawa wonse pachabe?"

"Timafuna usangalale, mwanangu," anatero Amayi.

"Mwabera! Nonse mwabera!"

Abambo anatenga kankhumba. Anakaika patsogolo pa Tuva.

"Tenga. N'kako. Njere zonse zinali zako."

Tuva anakayang'ana kankhumba. Kanali kokongola. Kankanunkhira bwino. Tuva anakakankhira kutali.

"Sindikukafuna! Kopatsidwa sindikukafuna. Ndikufuna kopambana ndekha. Ine si khanda!"

Anatsika pampando. Anatuluka. Anamenyetsa chitseko.

Tuva anakakhala pakhonde la mkati, pomwe amavulira nsapato. Panali pozizira. Anakhala pakati pa nsapato zonyowa. Misozi inatuluka. Sinali misozi yachisoni. Inali misozi yamkwiyo. Anatenga nsapato ya Amalume n'kuiponyera pakona. Anatenganso inzake n'kuiponyera pakona pomwepo.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Anali Amalume Jarle.

"Ndikhale nawo?"

"Ayi."

Amalume anakhala pansi patali pang'ono. Mawondo awo analira. Anaona nsapato zawo pakona. Anangozisiya pomwepo.

"Ndakulakwira, Tuva," anatero Amalume.

Tuva anatembenukira kukhoma.

"Tonse takulakwira."

Tuva anafwenthera. "Chaka chatha munaberanso?"

"Ayi ndithu."

"Nanga mumapambana bwanji?"

"Ndimadya kwambiri. Basi. Theka la mphika limathera mwa ine."

"Ndinu adyera."

"N'zoona."

"Mukuganiza kuti ine sindingapambane ndekha."

"Tinaganiza molakwa," anatero Amalume. "Ndiye tichite bwanji? Tiuze iwe."

Tuva anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. Anaganiza. Anaganizanso.

"Phala latsala?"

"Latsala lambiri."

"Nanga njere?"

"Amayi ako ali nazo m'botolo."

Tuva anaimirira. "Tiyeni."

Analowa m'nyumba. Tuva anali adakali wokwiya. Anaima pafupi ndi mphika, manja ali m'chiuno.

"Tiyambiranso," anatero Tuva. "Koma wolamula ndine."

"Chabwino, bwana," anatero Abambo.

"Musaseke, Ababa. Onetsani manja nonse."

Onse anaonetsa manja. Munalibe kanthu.

"Amalume, pisani m'matumba."

Amalume anapisa m'matumba. Munatuluka kiyi wa galimoto ndi mpango. Njere munalibe.

Amayi anapereka njere imodzi yatsopano. Tuva anaikweza m'mwamba kuti onse aione. Anaiponya mumphika. Anatsinzina maso. Anatakasa, anatakasa, anatakasa. Amayi anatsinzina n'kutakasa. Abambo anatsinzina n'kutakasa. Amalume anatsinzina n'kutakasa. Tsopano palibe ankadziwa pomwe njere inali.

"Aliyense adzipakulire yekha," anatero Tuva. "Ndipo palibe wodzuka njere isanapezeke."

"Ine ndakhuta kale," anadandaula Amayi.

"Palibe wodzuka!"

Onse anapakula. Onse anayamba kudya.

Tuva anali atakhuta. Paja anali atadya mbale yaikulu ija. Mimba yake inali ndendende. Koma anadyabe. Anamaliza mbale yake. Munalibe njere. Anayang'ana pakamwa pa Amalume. Sipanamveke kukutu.

Tuva anapakulanso pang'ono. Anadya supuni imodzi. Munalibe njere. Anadya ina. Munalibe njere. Anadya yachitatu.

Lilime lake linakhudza kanthu kolimba. Kanali kosalala. Kanali kosongoka mbali imodzi.

Inali njere!

Tuva anafuna kufuula. Anafuna kudumpha. Koma anayang'ana Amalume. Anayang'ana Amayi. Anayang'ana Abambo. Mkwiyo wake unali usanathe. Anakankhira njere m'tsaya. Anakhala chete.

"Wapeza, Tuva?" anafunsa Amayi.

Tuva anangokweza mapewa. Analoza mphika.

Amayi anapakulanso. Abambo anapakulanso. Amalume anapakulanso. Anadya. Munalibe njere.

"Sindingathenso," anatero Amayi. Anaika supuni pansi.

"Inenso ndafika m'khosi," anatero Abambo.

Tuva anakankhira mphika kwa Amalume.

"Ine ndekha?" anafunsa Amalume.

Tuva anagwedeza mutu kuvomera.

Amalume anamasula lamba. Anadya. Anapukuta thukuta. Anadyanso. Anamasula batani la malaya. Anadyanso. Ndevu zawo zinadzaza phala. Sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

Potsiriza supuni inakanda pansi pa mphika. Phala linatha. Njere munalibe.

"Mayo ine," anabuula Amalume. "Kapena ndaimeza?"

"Inu mukhoza kumeza ndi supuni yomwe," anatero Amayi.

Abambo anasuzumira mumphika. Anasuzumira pansi pa tebulo. Kenako anayang'ana Tuva. Tsaya limodzi la Tuva linali lotupa.

"Tuva," anatero Abambo. "Bwanji sukulankhula?"

Tuva anatulutsa lilime pang'onopang'ono. Pamwamba pake panali njere yoyera.

"Waipeza liti?" anafuula Amalume.

Tuva anaika njere pachikhatho. "Kalekale."

"Ndiye phala lonseli ndadyeranji?"

"Paja munabwera ndi njala ya anthu atatu."

Amayi anaphulika kuseka. Abambo anaseka mpaka misozi. Amalume anafuna kuseka, koma mimba inawapweteka. Anangogona chagada pamkeka wa pansi, akubuula.

Abambo anatenga kankhumba. Anaimirira bwinobwino. Anakapereka kwa Tuva ndi manja awiri.

"Kwa wopambana," anatero Abambo.

Nthawi ino Tuva anakalandira. Anakanunkhiza. Anamasula kansalu kofiira. Anathyola mwendo umodzi n'kupatsa Amayi. Anathyola wina n'kupatsa Abambo.

"Nanga ine?" anafunsa Amalume ali pansi pomwepo.

"Inu mwakhuta."

"Kagawo kakang'ono kokha, mwana wa mlongo wanga."

Tuva anathyola kamchira. Kanali kakang'ono kwambiri. Anakaika pamimba pa Amalume. Kenako anakhala pansi n'kutsamira pamimba pomwepo.

"Pang'ono, iwe! Ndiphulika!" anatero Amalume. "Ndiye watikhululukira?"

Tuva analuma khutu la kankhumba. Linali lokoma kwambiri.

"Ndikhululuka ndikamaliza," anatero Tuva.

Ndipo anadya pang'onopang'ono.