Tione Afuna Galimoto Yopanda Denga

Tione ndi mdzukulu wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tione ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake asekenso.

Bambo ake ndi mwana wanga. Dzina lake ndi Simeoni. Amakonza mathirakitala ku esiteti ya tiyi. Mayi a Tione anamwalira chaka chatha. Kuyambira pamenepo, Simeoni anasiya kuseka. Akaweruka ankakhala pakhonde. Ankangoyang'ana minda. Uku tiyi, uko tiyi, pamwamba nkhungu. Sankayankhula.

Ine ndinabwera kudzakhala nawo. Ndinabwera kudzayang'anira mwana. Ntchito imeneyo ndimaidziwa.

"Tione, usathamange! Pakuterera apo!"

"Tione, vala juzi!"

"Tione, m'tiyimo muli njoka!"

"Ndamva, Anganga," ankatero Tione.

Tsiku lina ndinagula bonya kumsika. Anandikulungira m'pepala. Tione anafunyulula pepalalo. Panali chithunzi. Chinali ndi mafuta a nsomba, koma chinkaoneka.

Inali galimoto. Koma galimoto yanji imeneyo? Denga panalibe. Zitseko panalibe. Matayala okha, akuluakulu. Inkalumpha paphiri la mchenga.

"Taya!" ndinatero. "Galimoto yosavala imeneyo."

Tione sanataye. Anapita nacho pakhonde.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

Simeoni anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Imeneyi amati bagi," anatero. "Anthu amapanga okha."

"Amapanga bwanji?"

"Amapeza galimoto yakale. Yaing'ono, ya msana ngati kamba. Injini yake imakhala kumbuyo. Amachotsa thupi lonse. Amasiya pansi pake pokha. Kenako amamanga zatsopano."

Mawu onsewo! Chaka chathunthu ndinali ndisanamve mawu ambiri chonchi.

"Ababa, tipange yathu," anatero Tione.

"Kuno kulibe mchenga," ndinatero ine.

"Matope alipo, Anganga."

Simeoni anapinda pepala lija bwinobwino. "Tikaipeza galimoto yake, tipanga," anatero.

Mtima wanga unati phaa! Galimoto ya msana ngati kamba ndinkaidziwa. Inali ya malemu amuna anga. Simeoni ali mnyamata, anagubuduka nayo pamtsetse. Anathyoka mkono. Ine ndinachita mantha. Ndinaibisa galimotoyo kutali. Ndinamuuza kuti ndagulitsa.

Tsopano ndinatseka pakamwa. Sindinaulule.

Loweruka, pa Sabata, tinapita kutchalitchi. Lamulungu m'mawa Simeoni ndi Tione anayamba kusaka galimoto. Ine kutsala? Ayi. Nanga mwana amuyang'anire ndani?

Simeoni anapatsa Tione hamala yaing'ono.

"Uzigogoda pansi pake," anatero. "Ikalira kuti ngo! ngo! ndi yamoyo. Ikalira kuti phu! phu! yawola."

Tinakwera kabaza. Tinafika ku Khonjeni. Kunkagwa mvula ya chiperoni, yowaza, yozizira. Kuseri kwa golosale ina kunali galimoto. Inali ya msana ngati kamba. Udzu unali utamera m'kati.

"Samala njoka!" ndinatero. "Samala mavu! Samala dzimbiri!"

Tione anagwada. Anagogoda.

Phu! Phu!

Anagogodanso. Hamala inaboola. Inatulukira kunsi.

"Mvula yaidya," anatero Simeoni. "Tiyeni."

Tinabwerera titanyowa.

Lamulungu lina tinapita ku Makwasa. Kumeneko kunali anesi ena, a Angella. Anali ndi galimoto yakufa kuseri kwa nyumba.

"Tengani, ingondidzazira malo," anatero a Angella.

"Samala zala!" ndinatero. "Samala magalasi!"

Tione anagwada. Anagogoda.

Ngo! Ngo!

"Ababa, yamoyo! Yamoyo!"

Simeoni anatsegula kutsogolo. Injini inali momwemo, kutsogolo. Anasuzumira kunsi. Anapukusa mutu.

"Si mtundu wake," anatero. "Iyi thupi lake silichoka."

Tinabwerera titanyowa. Ine ndinkayang'ana pansi.

Lamulungu lachitatu linafika. Tione anavala juzi. Anatenga hamala. Anaima pakhonde.

"Ababa, lero tipita kuti?"

Simeoni sanadzuke pampando. Anatulutsa pepala lija m'thumba. Anam'bwezera Tione.

"Basi, mwanangu," anatero. "Zonse zinawola kale."

Anayang'ananso minda. Uku tiyi, uko tiyi, pamwamba nkhungu.

Ine mtima unakhala pansi. Ndinati zatha bwino. Palibe galimoto, palibe ngozi. Ndinapita kukatsuka mbale.

Nditabwerako, ndinaitana. "Tione!"

Zii.

"Tione!"

Zii. Hamala panalibe. Nsapato zake panalibe.

Ndinamanga chitenje. Ndinathamanga. Ine nkhalamba, ndinathamanga! Ndinalowa m'mizere ya tiyi. Nkhungu inali itatseka ponseponse. Sindinkaona ngakhale mtengo.

"Tione! Tione iwe!"

Ndinaterereka. Ndinadzuka. Ndinaitananso.

Kenako ndinamva kaphokoso, patali.

Phu! Phu!

Ndinalondola kaphokosoko. Kankachokera kudzala la zitsulo. Kumeneko amatayako zinthu zakufa za ku galaja ya esiteti. Tione anali pakati pa zitsulozo. Ankagogoda ichi. Ankagogoda icho. Dzanja lake lamanzere linali magazi okhaokha.

"Mayo ine! Watani?"

"Lata landicheka, Anganga."

"Ndinati chiyani ine? Ndinati samala dzimbiri!"

Tione anayamba kulira.

"Ndimafuna ndiipeze ndekha," anatero. "Ababa asiyanso kuyankhula."

Ndinang'amba chitenje changa. Ndinamanga dzanja lija. Ine ndinabisa galimoto kuti mwana asavulale. Tsopano mwana wavulala chifukwa ndinabisa.

Ndinam'bereka kumbuyo. Anali wolemera. Sindinam'tsitse.

Tinapita naye kuchipatala. Anamutsuka bala. Anamubaya jakisoni. Anamumanga bandeji yoyera. Tione anagona pamiyendo panga. Simeoni anakhala pambali, pabenchi.

"Simeoni," ndinatero.

"Amayi."

"Galimoto ya bambo ako ija sindinagulitse."

Anatembenuka. Anandiyang'ana.

"Ili ku Masambanjati. Kwa amalume ako, a Crispin. Ili m'shedi."

"Munati munagulitsa."

"Ndinanama, mwanangu. Ndinkaopa."

Simeoni anayang'ana kumbali. Lolemba sanandiyankhule. Lachiwiri sanandiyankhule. Ankadya, n'kusamba m'manja, n'kutuluka. Mlungu umenewo unali wautali. Mvula sinaleke.

Lamulungu m'mawa ndinamva kugogoda pachitseko changa.

"Amayi, konzekani," anatero Simeoni. "Mutilondolere njira."

Tinakwera minibasi. Tinatsika pa Masambanjati. Tinayenda wapansi, kutsetsereka. A Crispin, achimwene anga, anali pakhomo. Ankasenda chinangwa.

"Achemwali!" anatero. "Mwabwera kudzatenga katundu wanu? Zaka zonsezi! Nkhuku zanga zigona kuti?"

"Tsegulani, achimwene. Musachulutse zonena."

Shediyo inali ya malata. Sinkadontha. A Crispin anakankha chitseko. M'kati munali mdima ndi fumbi. Pakona panali chimulu chachikulu. Chinali chofunditsidwa matumba.

"Samala njoka!" ndinatero. "Samala zinkhanira!"

Simeoni anachotsa thumba limodzi. Anachotsa lina. Nkhuku inatuluka ikukuwa. Inasiya mazira atatu pampando.

Inali pomwepo. Yaing'ono. Ya msana ngati kamba. Denga linali lophwanyika mbali imodzi. Magalasi panalibe. Matayala anali ataphwa.

Simeoni anaika dzanja padenga lophwanyika lija.

"Yonyansa, Ababa," anatero Tione motsitsa mawu.

"Thupi tilibe nalo ntchito," anatero Simeoni. "Tsegula kumbuyo."

Tione anatsegula ndi dzanja labwino.

"Injini! Ili kumbuyo!"

"Tsopano gogoda."

Tione anagwada. Ine ndinagwira pamtima. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kumva.

Ngo! Ngo!

"Gogoda pakati."

Ngo! Ngo!

"Pansi pa mpando."

Ngo! Ngo! Ngo!

"Yamoyo," anatero Simeoni. "Mvula sinaikhudze."

Anandiyang'ana. "Munaibisa bwino, Amayi."

Sindinadziwe poyang'ana.

Ntchito inayamba tsiku lomwelo. Tione anatola mazira. Ine ndinasesa zitosi. A Crispin anabweretsa madzi. Tinatsuka, tinatsuka. Madzi anada bii.

Simeoni anagona chagada. Analowa kunsi kwa galimoto.

"Ikugwera!" ndinakuwa. "Tuluka!"

"Ndaika zitsa, Amayi."

"Ikanso china!"

A Crispin anaika china.

Simeoni anaonetsa Tione mabawuti. Ndi amene amagwira thupi la galimoto. Anali ambiri, mzere wonse. Anathira oyilo pa bawuti iliyonse.

"Yoyamba umasule ndiwe," anatero.

Anam'patsa sipanala. Tione anakoka. Bawuti inakana. Anakokanso. Inakana. Simeoni anaika dzanja lake pa dzanja la Tione. Anakoka onse awiri.

Kwii!

Bawuti inazungulira. Inagwera m'fumbi.

"Musataye!" ndinatero. "Mwana angaponde."

Ndinabwereka lichero. Ndinakhala pakhomo pa shedi. Bawuti ikachoka, ankandipatsa. Zazikulu uku, zazing'ono uku, ngati ndikusankha nyemba.

"Timaliza liti, Ababa?" anafunsa Tione.

"Si lero. Si mwezi uno. Mwina chaka."

"Chaka chonse tizibwera?"

"Lamulungu lililonse."

Tione anamwetulira. Ine sindinamwetulire. Ndinkaganiza za mtsetse uja. Ndinkaganiza za mkono wothyoka uja.

"Simeoni, tuluka kaye," ndinatero. "Ndili ndi mawu."

Anatuluka. Nkhope yake inali oyilo yekhayekha.

"Galimoto yopanda denga ikagubuduka, mutu umateteza chiyani?"

Simeoni anatola kamtengo. Anajambula pansi.

"Timawotcherera mapaipi olimba, Amayi. Amadutsa pamwamba pa mutu. Chonchi."

"Akhale onenepa."

"Akhala onenepa."

"Popanda zitseko mwana agwa."

"Timanga malamba."

"Awiri."

"Awiri, Amayi."

"Mabuleki akhale atsopano. Osati otola kudzala."

"Atsopano."

"Isathamange kuposa kabaza wa njinga yopalasa."

"Aaa, achemwali!" anatero a Crispin. "Ndiye bola wilibala!"

"Inu khalani chete, achimwene. Samalani nkhuku zanu."

Ndinayang'ana chojambula chija. Panali mipando iwiri. Ndinaloza ndi chala.

"Apa ndi pa yani?"

"Panga."

"Apa?"

"Pa Tione."

"Nanga panga?"

Onse anandiyang'ana.

"Anganga, mukwera?" anafunsa Tione. "Galimoto yosavala?"

"Nanga akuchenjezeni ndani? Uike mpando kumbuyo, Simeoni. Wautali, kuti ndiziona msewu wonse."

Simeoni anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Kenako chinatuluka. Anaseka! Anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi. Anaseka mpaka misozi inatsuka oyilo m'masaya.

Tione anaima chilili, sipanala ili m'manja. Anayang'ana bambo ake. Kenako anawalumphira m'khosi.

"Samala dzanja!" ndinatero.

Palibe anandimva. Kunja mvula inkawazabe pamalata. Simeoni anatolanso kamtengo kaja. Tione anagwira nawo. Anajambula mpando wachitatu.