Nyimbo Yothawitsidwa

Solène anawaona bambo ake asanagunde n'komwe piyano, ndipo mtima wake unangoti myuu. Anali atakhala pamzere wachiwiri m'holo ya sukulu, atatchena jekete lawo la ku maukwati, koma nsidze zili mbuu ndi ufa. Bambo Armand anali wophika buledi, ndipo ufawo sunkawachoka ngakhale asambe bwanji.

"Aja si madala ako?" ananong'ona Idriss, atakumbatira besi, chigitala chake choimirira chija chomuposa msinkhu. "Basi, lero tapata woimba waulere."

"Tseka pakamwa iwe," anatero Solène. Clémence, mtsikana wa pang'oma, anabisa nkhope n'kumaseka.

Atatuwo ankaimba jazi. Ankatenga nyimbo zakale za Chifalansa, zija ankavinira agogo awo, n'kuziimba ndi zida zokha popanda mawu. Mayi Vasseur, mphunzitsi wawo, anawapatsa lamulo limodzi: yambani nyimbo mmene anthu amaidziwira, kenako sewerani nayo mmene mungathere, koma pomaliza muibweze kwawo. Vuto linali lakuti Bambo Armand sakanatha kumva nyimbo yakale n'kungokhala duu. Akamakanda ufa ankaimba, akamapatsa anthu buledi ankaimba, ndipo mawu awo, kunena zoona, anali aakulu kuposa kukoma kwake.

Solène anayamba nyimbo ya munthu wodikira bwenzi lake pamlatho. Mzere woyamba usanathe, zimene ankaopa zija zinachitika. Bambo ake anatsinzina, mutu cham'mbali, n'kuyamba kuimba ndi mtima wonse ngati ali okha pafupi ndi uvuni wawo. Anyamata akumbuyo anagundana zigongono. Wina anakweza foni m'mwamba.

Nkhope ya Solène inatentha. Ha, munthu wamkuluyu, pagulu chonchi! Zala zake zinachita kuganiza zokha. Anafulumizitsa nyimbo. Bambo ake anaithamangira, wefuwefu, mpaka anaipeza. Iye anaikweza m'mwamba, iwo anakwera nayo movutikira. Ndiye atafika paja pamene woimba amakoka mawu motalika, Solène anaikhotetsa mwadala n'kulowera nayo kwina kumene nyimboyo sinapiteko chiyambire. Idriss ndi Clémence anam'tsatira, poti ndiyo ntchito yawo. Mawu a Bambo Armand anatsala okha m'malere, osagwirizana ndi chilichonse, ngati tambala wolira masana.

Holo yonse inafa ndi phwete. Bambo aja anatsegula maso, anayang'ana uku ndi uku, kenako anaika chidzanja chawo pakamwa. Sanachichotsenso mpaka nyimbo inatha.

Anthu anaomba m'manja mpaka ena kuimirira. Mayi Vasseur anabwera akuthamanga.

"Solène, kukhota kuja! Unakutenga kuti? Ndiye jazi imeneyo, mwana iwe!"

Solène anangoyang'ana nsapato zake. Idriss, akulowetsa besi m'chithumba chake, analankhula osam'yang'ana.

"Ine ndakuona. Ndimaseka, inde, koma zija ayi. Wawatchera dala."

Panja Solène anapeza bambo ake akumudikira, chipewa chili m'manja.

"Waimba bwino kwambiri, mwana wanga," anatero. "Ine ndiye ndakusokoneza. Ukalamba uwu, ndimaiwala kuti si kunyumba. Pepa."

Akanamukalipira bwenzi zili bwino. Koma kupepesa! Solène anangotsogola, ulendo wa kunyumba.

Iwo ankakhala pamwamba pa malo ophikira buledi, ndipo piyano ya Solène inali pamwamba penipeni pa tebulo lokandira ufa. Madzulo alionse akaweruka kusukulu, bambo ake amakhala akukanda buledi wachiwiri, nyimbo zawo zikudutsa m'matabwa a pansi. Tsopano kunali zii. Kunkangomveka phaa, phaa, ufa ukumenyedwa patebulo. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi.

Loweruka, Solène akutsika masitepe, anamva Mayi Perrin, kasitomala wawo wakalekale, akufunsa.

"Kodi a Armand, wailesi yathu yafa? Buledi wopanda nyimbo ameneyu akoma?"

"Ndi pakhosi, mayi," anayankha bambo ake. "Kachifuwa."

Analibe chifuwa chilichonse. Solène anabwerera m'mwamba mwakachetechete, manyazi atamugwira. Anakhala papiyano n'kuyang'ana zala zake. Kodi nyimbo zonsezi anazidziwira kuti? Mayi Vasseur anamuphunzitsa kusewera nazo, inde, koma nyimbo zenizenizo anazimvera m'matabwa omwewa ali kamwana kokwawa. Nyimbo imene anawathawitsa ija inali yawo yomwe.

Lolemba anapempha Idriss ndi Clémence kuti adzayeserere kwawo. Anakweza chibesi chija pamasitepe akutukwanizana, Clémence atangonyamula kang'oma kamodzi ndi timaburashi take toimbira kang'omako.

"Tiyambe ya pamlatho ija," anatero Solène. "Pang'onopang'ono. Osakometsera."

"Ngati ya pamaliro?" anafunsa Clémence.

"Iwe tangoimba."

Anaiyamba mmene anthu amaidziwira, yosakhota paliponse. Atafika paja pokoka mawu motalika, Solène anachotsa manja papiyano. Besi ndi kang'oma zinapitiriza kugunda pansipansi, zikudikira. Kunsi kuja ufa unasiya kumenyedwa, koma mawu sanabwere.

Anabwerezanso kuyambira pachiyambi. Pamalo pomwe paja anaimanso. Zii.

"Mwina sakumva," ananong'ona Clémence.

"Akumva," anatero Idriss.

Solène anadzuka, anagwada pansi n'kuyandikitsa pakamwa pa matabwa. Misozi inali itayamba kale.

"Ababa! Simunandisokoneze ayi. Ndinachita dala, ndinakuthawani. Pepani, ababa. Pano pokha sitingadutsepo popanda inu."

Idriss sanasiye kugunda chingwe chake, du, du, du, ngati munthu wogogoda pachitseko. Solène anabwerera papiyano, anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi, n'kuyambanso kachitatu. Atafika pamalo paja anakweza manja.

Kunsi kunamveka kutsokomola. Kenako mawu aja anatuluka, onjenjemera poyamba, kenako aakulu mpaka matabwa kunthunthumira. Anaphonya pang'ono monga mwa masiku onse, ndiponso anakoka motalika kuposa mmene nyimboyo imafunira.

Clémence anayang'ana Solène, timaburashi tili m'malere. "Tilowe?"

"Ayi," anatero Solène. "Tiwadikire amalize."