Mvula ya ku Manchester pa Msewu wa Al Twar

Theresa anatuluka m'nyumba ija usiku utapita kale, manja ali lende. Anakoka chitseko cha kukhitchini pang'onopang'ono, monga ankachitira masiku onse poopa kudzutsa mwana, kenaka anadziseka yekha mowawidwa mtima. Adzutsa yani? Nyumba yonse inali zii.

Chinali chaka cha 2009, pamene chuma cha Dubai chinagwa chagada. Makampani ankatseka tsiku ndi tsiku, nyumba zitalizitali zinaima zisanathe kumangidwa, ndipo azungu ambiri ankathawa usiku osatsanzika. Mabwana a Theresa, banja la Angerezi ochokera ku Manchester, anachita zomwezo. Lachisanu lina anamuuza kuti akapume kwa mnzake Hadijah ku Al Qusais. Pobwerako anapeza makabati ali pululu, bedi la Rose, kamwana kamene ankalera, lili losayala. Pasipoti yake, imene madamu Gillian ankasunga ponena kuti ingasowe, sinaoneke.

Popanda pasipoti Theresa sakanakwera ndege. Kwawo ku Kasungu mwana wake woyamba, Towera, anali woyembekezera, mwezi wake utakwana, ndipo kuchipatala anali atanena kuti mwana wagona mopingasa. Mawu ake a pafoni ankalirabe m'makutu mwa Theresa: "Amayi, mubwera eti? Ine ndikuopa." Anzake a kutchalitchi anali atamupezera kale tikiti. Chotsala chinali kabuku kamodzi kameneko basi.

Mwini nyumba ananena kuti m'mawa abwera ndi malole kudzachotsa zotsala ndi kusintha maloko. Choncho usiku umenewo Theresa anatembenuza matiresi, anakhuthula madirowa, anagwedeza buku lililonse, mpaka anapisa manja m'zinyalala. Palibe chimene anapeza.

Analowa mumsewu wa Al Twar misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Mabasi anali atasiya kuyenda. Mpweya unali wotentha ngati wochokera mu uvuni, ngakhale dzuwa linali litalowa kalekale. Zipilala za njanji ya metro yosatha kumangidwa zinangoti njo m'mbali mwa msewu.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali Manchester. Madamu sankatha tsiku osautchula mzindawo. Theresa ankaudziwa ndi mpira wokha, koma m'khitchini muja anaphunzira zina. Anamva za nyumba za zisudzo zimene anthu amadzaza ngakhale kunja kukuzizira, za laibulale yozungulira ngati nkhokwe, za msewu wonunkhira zakudya za Amwenye mbali zonse, ndi za mafakitale akale a nsalu amene anawasandutsa malo ovinira ndi oonetsera zojambula. Koposa zonse madamu ankakonda kusimba za tsiku lina m'chaka pamene mabandi a malipenga amaguba m'midzi yozungulira mzindawo, anthu atadzaza m'misewu. Theresa akamva zimenezo ankakumbukira mganda wa kwawo, bambo ake atavala zoyera, akuliza lipenga la chikho.

Lamulungu lililonse madamu ankaika nyimbo ya bandi yoteroyo, n'kuima pafupi ndi shelefu pamene pankakhala mtsuko wabuluu wotseka, maso ali jenjenje ndi misozi. Mtsukowo Theresa ankaupukuta m'mawa uliwonse. Anamuuza kuti asadzautsekule, iye n'kumaganiza kuti muli tiyi wodula.

"Tikamabwerera kwathu tidzakutenga, Theresa," madamu ankatero. "Ndiwe wa m'banja."

Wa m'banja!

Anafika pamene msewu umatsata mpanda wautali wa manda. Magetsi ena anali ozima. Anafulumiza mwendo, maso pansi, akunong'ona pemphero.

Pamenepo m'pomwe anamuona.

Mzungu wokalamba anaima pansi pa getsi limodzi loyaka. Anavala chikhoti chachitali cha mvula, ndipo mkati mwake munkaoneka jekete yofiira ya mabatani onyezimira. Pambali pake anagwira chibokosi chachikulu chakuda, chopindika mbali imodzi. Anachinyamula, n'kuyenda pang'ono, n'kuchitulanso akupuma movutikira.

Hadijah anali atamuchenjeza kambirimbiri: "Iwe, kuno si ku Kasungu. Khalas, basi, usiye moni wako wopatsa aliyenseyo!" Theresa anakumbukira mawuwo. Anafunadi kungodutsa. Koma munthu woleredwa kwawo sadutsa mkulu wolemedwa ndi katundu. Mutu usanaganize, maondo anali atapinda kale, manja onse awiri atatambasuka.

"Agogo, ndikulandireni."

Mkuluyo anamuyang'ana ndi maso otuwa, n'kumwetulira. Anasiya chigwiriro.

Bokosilo linali lolemera, komanso lozizira. Ndi lonyowa!

"Zikomo, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Mvula yatipeza. Tikachedwa bandi inyamuka osatidikira."

Mvula? Theresa anayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo. Ku Dubai mvula inali isanagwe miyezi yambiri. Koma madzi ankatsika m'chipewa cha mkuluyo, kudontha pamapewa, kudontha pansi. Tho... tho... tho...

Ndiye waledzera, anadziuza. Kapena mutu wake sukuyenda bwino. Ndimufikitse pamene pali anthu.

Anayenda limodzi. Atafika pamphambano, njira ya kwa Hadijah inali ya kumanja. Mkuluyo anakhotera kumanzere, kumene kumapita ku bwalo la ndege. Theresa anaima. Koma katundu wa mkulu ukalandira sumutulira panjira mwiniwake asananene. Anamutsatira.

"Mukuwamva?" anafunsa mkuluyo osatembenuka. "Ayamba kuyesa malipenga. Ana akwera pamapewa a atate awo. Fungo la mowa ndi mbatata zokazinga lili ponseponse. Kamodzi tinaimbapo m'holo yaikulu ya mumzinda, ife anthu a m'fakitale! Mwana wanga wamkazi anagona pampando nyimbo isanathe."

Theresa anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Pomwepo anazindikira chinthu. Chiyambireni, mzungu ameneyu sanalankhule liwu limodzi la Chingerezi. Zonse ankazimva m'Chichewa. Chichewa cha kwawo!

Tsitsi linamuimirira.

Anafuna kuponya bokosilo. Zala zinakana. Zinali zitauma pachigwiriro.

Anayang'ana pansi. Mapazi ake ankasiya zizindikiro pafumbi la m'mbali mwa msewu. A mkuluyo ayi. Madontho okhaokha.

Mphaka wina anatuluka pa mgolo wa zinyalala, anawaona, n'kuthawa akulira ngati wapsa ndi moto.

Kenaka anaimva. Kutali, kuseri kwa mkokomo wa ndege... malipenga. Ng'oma yaikulu. Nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, yachisoni. Nyimbo ija! Ya Lamulungu lililonse!

"Ambuye Yesu..."

"Mumandipukuta bwino," anatero mkuluyo mofatsa. "M'mawa uliwonse. Ndipo mumaimba mukamatero. Ena onse ankangondidutsa."

Theresa sanamvetse. Sanafune kumvetsa. Towera... Towera mwana wanga... ndifera kuno, pamchenga wa eni, wopanda ndi dzina lomwe.

"Agogo, chonde," analira. "Ndisiyeni ndizipita. Ndili ndi mwana wodwala."

"Tafika kale."

Anali pabwalo lalikulu la mchenga kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege. Theresa anali atamvapo za malo otere, koma anali asanawaone. Magalimoto! Mizere ndi mizere ya magalimoto odula, osiyidwa ndi eni ake othawa, onse atakwiririka ndi fumbi mpaka kusadziwika mtundu. Matayala ena anali ataphwa. Pamagalasi anthu odutsa anajambulapo nkhope ndi zala. Panali phee ngati pamanda aja.

Mkuluyo anayenda pakati pa mizereyo ngati munthu wodziwa kwawo. Anaima pa galimoto ina yaikulu.

"Tulani apa."

Zala zinamasuka. Bokosi linagwa pamchenga popanda phokoso.

Mkuluyo anagwira galasi la kumbuyo ndi dzanja lonyowa. Nkhope yake inagwa.

"Nanenso anandisiya," anatero. "Anati ndine wa m'banja."

Theresa anayang'ana galimotoyo. Pamene dzanja lija linapukuta fumbi, anaona kachidole ka nsalu kakulendewera mkati. Kachidole kovala chitenje. Anakasoka yekha, kusokera Rose!

Galimoto ya bwana!

Mantha anawaiwala. Anakoka chitseko cha kutsogolo. Chinatseguka. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso. Makiyi anali pomwepo. Anafufuza pampando, pansi pa mpando, m'matumba a zitseko. Palibe. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo. Mapepala, magalasi a dzuwa, maswiti osungunuka...

Ndi kabuku kamodzi.

Anakatsegula. Nkhope yake yomwe inamuyang'ana.

"Agogo! Agogo, ndaipeza! Mulungu aku..."

Anatembenuka.

Panalibe munthu.

Panalibe bokosi. Nyimbo ija inali itatha. Pamchenga panangotsala malo onyowa, ozungulira ngati pamene paima munthu wochokera pamvula.

Anasuzumira kumpando wa kumbuyo, n'kugwira pakamwa. Bokosi lakuda lija linali mmenemo, louma, lafumbi, looneka kuti silinasunthe chisiyidwireni. Pambali pake, womangidwa ndi lamba wa mpando ngati mwana, panali mtsuko wabuluu.

Theresa anakhala pansi, msana kutsamira tayala, pasipoti ataipanikiza pachifuwa. Foni yake inali ndi mayunitsi ochepa. Anaimbira Taibu, bambo wa ku Mangochi amene kale anali dalaivala wa banjalo ndipo tsopano ankagawa buledi m'mashopu.

Taibu anafika kukuyamba kuyera, mizikiti itaitana kale. Anatsika m'kagalimoto kake ka buledi akupukusa mutu.

"Achemwali, mwapenga? Mkazi yekha kuno usiku? Apolisi akanakupezani mukanati chiyani?"

Theresa anangokweza pasipoti.

"Alhamdulillah! Ndiye anaiponya muno, agalu amenewa? Koma inu mwadziwa bwanji? Ine ndazungulira malo oimika magalimoto onse osaiona galimotoyi."

Theresa anasimba zonse: chikhoti cha mvula, jekete yofiira, mabatani onyezimira, bandi yosadikira. Pamene ankasimba, kuseka kwa Taibu kunkazilala. Anayang'ana bokosi lija. Anayang'ana mtsuko. Anabwerera m'mbuyo.

"Mlomo wawo wa m'mwamba," anafunsa motsitsa mawu, "unali ndi chipsera?"

"Eya. Kumanzereku."

Taibu anavula kofia yake, n'kuivalanso.

"Achemwali, madamu anandionetsapo chithunzi chawo. Amenewo ndi a Harold, bambo awo a madamu. Ankaimba lipenga lalikulu m'bandi ya pafakitale, lomwe lili m'bokosilo."

"Ndiye ali kuno ku Dubai? Anawasiya okha, munthu wamkulu chotero? Tiwafunefune, a Taibu, angakomoke ndi dzuwa!"

"Tiwafune kuti? Si awo ali pampandowo!" Taibu analoza mtsuko. "Azungu ena saika maliro m'manda ngati ife. Amawotcha, n'kusunga phulusa m'nyumba. Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire! Tsiku limene banjali linafika muno ndinanyamula ndine mtsukowo. Pothawa ayenera kuti anaopa mafunso a pabwalo la ndege. A Harold anamwalira kalekale ku Manchester, Rose asanabadwe. Anagwa mumsewu akuguba ndi bandi yawo, mvula ikugwa."

Theresa anayang'ana manja ake. Chigwiriro chija chinali chitasiya mzere wofiira m'zikhatho zonse ziwiri.

Mumandipukuta bwino... m'mawa uliwonse...

"Yalla, tiyeni!" anatero Taibu. "Mwapeza chanu. Tsekani chitseko, zinazo si zathu."

Theresa anaimirira. Koma m'malo motseka, anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kumasula lamba uja.

"Achemwali! Mukutani?"

"Ndinawalandira katundu, a Taibu. Sindingawasiye panjira. Nyamulani lipengalo. Tidzera kutchalitchi cha Angerezi, abusa akawapezere wowaperekeza kwawo."

"M'galimoto ya buledi? Ine?"

"Inu nomwe. Si munawanyamulapo kale?"

Anavula mpango wa kumutu, napukuta fumbi pamtsukowo monga ankachitira m'mawa uliwonse. Anapinda maondo pang'ono, n'kuunyamula ndi manja awiri.

"Tiyeni, agogo," ananong'ona. "Bandi ingatisiye."

Dzuwa la Dubai linali litatuluka, mchenga wayamba kale kutentha. Koma m'manja mwa Theresa mtsukowo unali wozizira, ndipo unkanunkhira mvula.